Matumba Zana, Nambala Imodzi

"Atate ake Tisi, beseni langa lotsukira mpunga mwaliyesa chiyani?"

Jestina anaima pakhomo la chisakasa cha kuseri kwa nyumba, mtolo wa nkhuni udakali pamutu. Mwamuna wake Abel anali atanjuta pansi, manja onse awiri ali m'beseni, akuvundula chimanga m'madzi ofiira ngati magazi a mbuzi. Pamphasa ziwiri panali patayanikidwa chimanga china chofiira kale, ndipo pakona panali mulu wa masaka amene Jestina anali asanawaonepo pakhomo pake.

"Tsitsani mawu, amake Tisi. Mukufuna Tembwe yense amve?"

"Ndafunsa funso. N'chiyani chimenechi?"

"Ganyu. Ba Hosea andipatsa ganyu."

Jestina anaponya nkhuni pansi. Anapisa dzanja m'saka limodzi n'kutapa chimanga chimene chinali chisanaviikidwe. Atachifikisa, m'manja munatsala ufa wotuwa, ndipo tiwanankafumbwe tiwiri tinathamangira kuseri kwa chala chake.

"Chimanga ichi chagona m'nkhokwe zaka ziwiri. Anankafumbwe anadya mtima wake wonse. Ngakhale nkhuku zingachinyoze. Manje mukuchidzoza utoto kuti chikhale chiyani? Mkwatibwi?"

Abel sanadzutse mutu. "Kuti chikhale mbewu."

Kunja dzuwa la mwezi wa Novembala linkawotcha ngati lakwiya ndi chigwa chonse cha Luangwa. Hosea, mkulu wake wa Abel, anali ndi shopu ya mbewu ndi feteleza pa Tembwe, ndipo alimi a midzi yonse yozungulira ankagula kwa iye.

"Mbewu yogulitsa kwa ndani?"

"Kwa wofuna kugula. Chimanga ndi chimanga, amake Tisi. Ukachiponya m'nthaka yonyowa chimamera. Makolo athu sankabzala chochokera m'nkhokwe?"

"Makolo athu ankasankha ngala zazikulu n'kuzipachika pautsi. Ndipo sankauza mnzawo kuti zachokera ku Lusaka. Anthu akugulitsa mbuzi, ena akugulitsa mpunga wa ana, kuti apeze mbewu yabwino. Inu muwapatse fumbi lopaka utoto?"

Abel anatulutsa manja m'beseni n'kuwakunkhumula. "Mukuyankhula ngati njovu sizinatimalizire munda chaka chatha. Ankalira ndani usiku wonse kuti mwana wagona ndi mango okha? Ba Hosea andilonjeza matumba awiri a mbewu yeniyeni ndi feteleza anayi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ndikanatani?"

"Ndiye inu mubzale yeniyeni, anzanu abzale utoto?"

"Ndi mkulu wanga! Chibale ndi fupa, sichiola. Ndikamukana lero, mawa mwana wathu Tisiyenji akadwala, adzamunyamula ndani kupita naye kuchipatala ku Chama? Iweyo pamsana?"

Pa zaka khumi ndi zitatu za banja lawo, Abel ankati "iwe" kwa mkazi wake pokhapokha mtima ukamutsutsa. Jestina anadziwa kuti mawu ake alasa. Anayandikira n'kutsitsa mawu.

"Atate ake Tisi, mlandu suola. Nthaka sinamizidwa. Mvula ikagwa, munda uliwonse udzanena chimene munthu anaikamo."

"Ikagwa tidzaona," anatero Abel, n'kubwezera manja m'beseni.

Patapita masiku atatu, Hosea anatulukira pa njinga yamoto, kumbuyo atamanga mtolo wa matumba atsopano onyezimira. Anali munthu wathupi, wamawu ofewa, mkulu wa mpingo amene pamaliro ankapatsidwa mpando wapatsogolo. Anayala matumbawo m'chisakasa. Lililonse linali ndi chithunzi cha ngala yaikulu ndi dzina la kampani ya mbewu ya ku Lusaka. Kenaka anatulutsa m'jekete mpukutu wa masitika oyera. Pa sitika iliyonse panali timizere takuda toimirira, kabokosi ka madonthomadontho pambali, ndi nambala m'munsi mwake.

"Mlamu, bwerani muone nzeru," anatero kwa Jestina. "Anthu masiku ano achenjera. Alangizi athu a zaulimi, ba Irene, akuyenda m'midzi kuuza alimi kuti thumba lopanda timizere iti asagule. Amati bakhodi. Ndiye ine ndawapezera bakhodi yawoyo."

"Mwaitenga kuti, alamu?"

"Ndinagula thumba limodzi lenileni ku Lundazi. Kuli mnyamata kumeneko wa makina osindikizira, ukamupatsa chithunzi chimodzi amakubalira mazana. Munthu akangoona timizere, mtima umakhala pansi."

"Nanga wina akawerenga timizereto?"

Hosea anaseka mpaka mimba inagwedezeka. "Ndani kuno ku Tembwe? Netiweki yake yoti mpaka ukwere pachulu?"

"Chikomekome cha mkuyu, alamu, m'kati muli nyerere."

Kuseka kunatha. Hosea anayankhula mofatsa ngati akupempherera wodwala.

"Mlamu, munakwatiwa kuno. Mkazi wa pano za m'nyumba sazinyamulira kuchigayo. Ndipo mvetsetsani: bwato ili takwera tonse. Mukadzamva kuti Hosea wamira, dziwani kuti Abel ali pansi pake."

Anasiya kamakina kosokera matumba, natsitsa matumba awiri a mbewu yeniyeni amene analonjeza, n'kunena kuti ngolo idzabwera madzulo a tsiku lomwelo kudzatenga katundu.

Abel anayamba kudzaza ndi kusoka. Koma atagwira sitika yoyamba, chala chake chinasiya banga lofiira papepala loyeralo. Yachiwiri chimodzimodzi. Utoto unali utalowerera m'zikhadabo ndi m'ming'alu ya khungu, sopo atalephera. Anayang'ana mkazi wake ngati mwana amene waswa mkhate.

"Amake Tisi, ndithandizeni. Tikachedwa, mwana abwera kuchokera kusukulu apeza zimenezi. Zichoke pakhomo pano lero lomwe, ndipo sindidzabwerezanso."

Jestina ankafuna zinthuzo zichoke, asazionenso, asamvenso fungo la utotowo. Anadziuza kuti kumata pepala si kugulitsa. Anakhala pamphasa, natenga mpukutu, nayamba kumata.

Sukulu anailekeza Giredi 7, koma manambala ankawadziwa. Pofika thumba lakhumi anaona kuti nambala ya m'munsi sinkasintha. Yonse inkathera ndi 4417. Anamata matumba zana, ndipo onse zana anali ndi nambala imodzi. Masitika otsala anawapinda n'kuwaponya pansi pa sutukesi yake, kuopa kuti Tisiyenji angawatole n'kukaseweretsa kusukulu.

Sabata yotsatira, mitambo itayamba kusonkhana chakumapiri, belu la njinga linalira pabwalo. Anali Peggy, mkulu wake wa Jestina, mayi wamasiye wa ana anayi amene ankakhala mudzi wa kutsidya kwa mtsinje, panjira ya ku Chikwa. Nkhope yake inali itanyowa ndi thukuta koma ikuwala. Pakaliyala panali matumba atatu onyezimira.

"Jesi, tandipatse madzi, ndauma kukhosi! Uone chimene ndachita chaka chino."

Jestina anabwera ndi kapu, maso ali pa matumbawo. Sitika ya thumba lapamwamba inali yopendekeka pang'ono kumanzere. Anaikumbukira. Inamuvuta kumata chifukwa thumbalo linali ndi khwinya.

"Mwagula kuti, asisi?"

"Kwa alamu ako, kwinanso kuti? Ndagulitsa mbuzi zonse ziwiri. Poona kuti ndine wamasiye, anandichotserako mtengo. Munthu wa Mulungu ameneyo, Jesi. Ndipo taona timizere tija ba Irene ankanena, tilipo. Iyi ndi ya miyezi itatu basi. Pofika Febuluwale ana anga adzakhala akukazinga chimanga chachiwisi."

"Asisi, bwanji osangobzala chamakolo chija?"

"Chamakolo chiti? Tinadya mu Ogasiti, waiwala? Vuto n'chiyani? Nkhope yagwa bwanji?"

Mawu anafika pakamwa. Jestina anawamva akukankha mano. Koma nthawi yomweyo Abel anatulukira kuseri kwa nyumba, khasu paphewa. Ataona matumbawo anaima ngati waponda njoka, kenaka anabisa manja kumbuyo n'kupereka moni kwa mlamu wake. Maso ake anapempha mkazi wake chinthu chimodzi chokha.

"Palibe, asisi," anatero Jestina. "Ndi mutu chabe. Dzuwali."

Chingwe cha pakaliyala chinali chitamasuka. Jestina anagwada n'kuthandiza mkulu wake kuchimanga bwino kuti matumba asagwe panjira.

Peggy atangokhota pamsewu, Jestina anatembenukira mwamuna wake. "Matumba athu awiri aja tikawapatse asisi. Titenge awowo tikataye."

"Akafunsa chifukwa chake mudzati chiyani?"

"Ndidzapeza chonena."

"Mlamu ndi wapakamwa, mukumudziwa. Akadziwa iye, wadziwa Chikwa yense. Dikirani ndiganize. Mwina Loweruka ndipita ndekha, ndikanene kuti ba Hosea anasokoneza mitundu."

Jestina anavomera Loweruka. Koma mvula sinadikire Loweruka. Inagwa Lachinayi m'mawa, yamphamvu, tsiku lonse ndi lotsatira lake. Mtsinje wa pakati pa midzi iwiriyo unadzaza mpaka m'mabango, ndipo kwa masiku asanu palibe anawoloka. Pamene madzi amaphwa n'kuti aliyense m'chigwamo atabzala kale. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Patatha masiku khumi, munda wa Abel unali mizere yobiriwira kuchokera kumsewu mpaka kudambo, phando lililonse ndi mmera wake. Minda yoyandikana nayo inali ngati mutu wa munthu wodwala chipere: apa kammera kamodzi kachikasu, apo dothi lokhalokha, masitepe khumi, kenaka kena. Anthu ankafukula mapando n'kupeza njere zitawola, zitasiya dothi lofiirira.

Odutsa pamsewu ankaima. "Amake Tisi, inu mwabzala mbewu yanji?"

"Yomweyo ya kwa ba Hosea," ankayankha, maso ali pakhasu.

"Koma ndiye muli ndi dzanja labwino!"

Chakudya chinasiya kumukomera. Ankapita kumunda mbandakucha n'kubwerako anthu asanayambe kudutsa. Abel naye anasiya kupita kubawo.

Lachiwiri la sabata yachitatu, Irene anaitanitsa msonkhano. Anali mtsikana wa ku Chipata, wochepa thupi, amene boma linamutumiza ku Tembwe zaka ziwiri zapitazo. Anauza mlimi aliyense amene mbewu yake sinamere kuti abwere ndi thumba lake lopanda kanthu. Msonkhanowo sanauchitire kushedi ya koparetivu monga mwa masiku onse. Ananyamulitsa tebulo kupita nalo pansi pa mtengo wa msikidzi kuseri kwa sukulu, pamtunda pamene foni imagwira.

Anthu anabwera ambiri, ena wapansi, ena panjinga, matumba atawapinda m'khwapa. Hosea anakhala pampando kutsogolo, atavala jekete la Sabata. Abel anakhala kumbuyo kwa abambo. Jestina anakhala pakati pa amayi, chikwama chake chili pamiyendo. Peggy anafika mochedwa, matope mpaka m'mawondo, nakhala pambali pake. Anali atatha thupi m'masabata awiri okha.

"Mwa mapando khumi, awiri okha, Jesi," ananong'ona. "Mwina ndinabzala mozamitsa. Mwina ndine watsoka."

Irene anakweza thumba limodzi. "Amayi na atate, ndinakuuzani kuti muziyang'ana timizere iti. Ndinalakwa kuti sindinakuuzeni zonse. Timizereti si chokongoletsa. Ndi dzina la katundu. Makina akatiwerenga kuno, kapena ku Lilongwe, kapena ku Dar es Salaam, amatchula dzina limodzimodzi: kampani yakuti, mbewu yakuti, makilo akuti. Mayiko anagwirizana kuti chiyankhulo chimenechi chikhale chimodzi, kuti katundu asasochere panjira. Manje kampani iyi inawonjeza kabokosi aka ka madontho. Umu muli nambala ya thumba lililonse palokha, ngati nambala ya pachitupa cha munthu. Thumba likamatuluka kufakitale amaliwerenga. Likafika kudepoti amaliwerenga. Likagulidwa pashopu yovomerezeka amaliwerenganso. Ndiye njira yake yonse imadziwika."

Analoza foni yake pa sitika. Foni inalira kamodzi. Irene anawerenga mokweza.

"Thumba ili linatuluka kufakitale mu Julayi. Linafika ku Chipata mu Ogasiti. Linagulidwa ku Lundazi pa 9 Okutobala. Ili ndi la ba Donald Goma. Ba Donald, munapitako ku Lundazi?"

Donald, mkulu wa imvi amene anali wapampando wa koparetivu, anapukusa mutu. "Ine chaka chino sindinadutse ngakhale Chama."

Irene anatenga thumba lina. Foni inalira. "Linagulidwa ku Lundazi pa 9 Okutobala." Anatenga lachitatu, lachinayi, lachikhumi. Mawu anali omwewo. Anthu anayamba kuyala matumba awo pansi, ana asukulu ya sekondale amene anali pompo akuwerengera makolo awo manambala. Paliponse pankamveka 4417, 4417.

"Thumba limodzi silingagulidwe ndi anthu makumi asanu ndi limodzi," anatero Irene. "Lenileni linali limodzi. Enawa ndi gong'a, abodza. Wina anajambula sitika n'kuibereketsa."

Phokoso linabuka ngati njuchi zaponyedwa mwala. Maso onse anatembenukira kwa Hosea. Iye anaimirira pang'onopang'ono, navula chipewa, ndipo anthu anadabwa kuona misozi m'maso mwake.

"Abale anga, amene wabedwa kwambiri pano ndine. Katunduyu anabwera pa lole. Anthu ake anati achokera ku Lusaka, anandionetsa timizere tomweti, ine n'kukhulupirira ngati mmene inu munakhulupirira. Ndikanadziwa bwanji? Ndabatiza ana anu, ndaika maliro anu. Ndingathire chiphe m'chitsime chimene ndimamwamo ndekha?"

Phokoso linatsika. Donald anafunsa Irene ngati foniyo inganene amene anagula thumba la ku Lundazi lija.

"Iyayi, ba Donald. Timizere tandiuza kuti mbewuyi ndi yabodza, tandiuzanso kumene yeniyeni inathera. Koma dzanja limene linamata masitikawa, foni singalione."

"Ndiye kuti mbava zinapita ndi lole yawo," wina anatero kumbuyo. Ena anayamba kupinda matumba awo. Mayi wina anafunsa kuti nanga bwanji munda wa Hosea ndi wa mng'ono wake yamera bwino, koma Hosea anayankha msanga kuti iwo anabzala yotsala ya chaka chatha.

Pamenepo Peggy anaimirira. Anakonza chitenje chake n'kuyankhula.

"Ine ndaluza kuposa ambiri pano. Mbuzi zapita, munda uli mbee, ana anayi akundiyang'ana. Koma tisamunamizire munthu. Ba Hosea anandichotserako mtengo poona umasiye wanga. Munthu wa mtima wotere sangatiphe dala. Mng'ono wanga uyu anakwatiwa m'banja limenelo, akanadziwa kanthu akanandiuza. Tiyeni tiwapepese ba Hosea, nawonso alira."

Jestina anayang'ana kwa abambo. Abel anali ataweramitsa mutu pakati pa mawondo. Anayang'ana Hosea, amene ankagwedeza mutu mothokoza, akupukuta maso ndi mpango. Kenaka anayang'ana mapazi a mkulu wake, ong'ambika, odzaza matope a mtsinje umene anawoloka kuti adzateteze munthu amene anamubera.

Sanadziwe kuti waimirira liti. Anangozindikira ali patebulo, akutsegula chikwama. Masitika aja anali atawanyamula m'mawa osadziwa ngati adzalimba mtima. Anatulutsa mpukutuwo n'kuutambasula. Unagwa kuchokera patebulo mpaka pansi, timizere tokhatokha.

"Ba Irene, mwati foni singaone dzanja limene linamata. Dzanja lake ndi ili."

Ngakhale ana anasiya kuyenda.

"Kunalibe lole. Chimanga chinali chofumbwa, cha m'nkhokwe. Anachipaka utoto ndi amuna anga, kuseri kwa nyumba yathu, m'beseni langa. Matumba ndi masitika anabweretsa ndi alamu angawa. Kumata ndinamata ine, matumba zana. Ife anatipatsa mbewu yeniyeni, n'chifukwa chake munda wathu wamera. Ndinakhala chete masabata atatu. Mundichite chimene mufuna."

"Wapenga mkazi ameneyu!" anakuwa Hosea. "Ndi nsanje! Abel, mletse mkazi wako! Uwauze anthu kuti akunama!"

Abel anadzuka ngati nkhalamba. Anayang'ana mkulu wake, kenaka mkazi wake.

"Akulu, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndatopa. Zimene anena amake Tisi n'zoona zonse."

Anyamata ena anadumpha matumba kulunjika kwa Hosea, wina atatola kale chikuni. Donald anaima pakati atatambasula manja.

"Amene amenye munthu pano ayambe wamenya ine! Mukamupha, mbewu yanu imera? Ba Irene, imbani ku Chama."

Anawakhazika abale awiriwo m'kalasi yopanda ana, abambo anayi atakhala pakhomo. Irene anayamba kulemba mayina a alimi onse ndi kukula kwa minda yawo, n'kunena kuti atumiza mndandandawo kuboma ndi kukampani tsiku lomwelo. Sanalonjeze kanthu. Anangoti ngati mbewu yocha msanga ingapezeke sabata imeneyo, ena akhoza kupulumutsako theka la munda. Aliyense ankadziwa kuti mvula yoyamba inali itapita, ndipo m'chigwa muno wobzala mochedwa amakolola ndi madzi osefukira.

Galimoto ya apolisi inafika dzuwa litapendeka. Wapolisi wamkulu anatenga masitika ndi matumba khumi, nauza Jestina kuti Lachinayi akaonekere ku Chama kukapereka umboni, ndipo kuti za iye mwini zikaonedwa komweko. Hosea pokwera sanayang'ane munthu, koma podutsa pafupi ndi Jestina analavula pansi.

"Pakhomo paja m'pa bambo anga. Ndikadzabwerako ndisadzakupezepo."

Abel anakwera pambuyo pake. Anagwira chitsulo cha galimoto n'kuweramira kwa mkazi wake. "Udzu wayamba kumunsi kwa munda, chakudambo. Muyambire kumeneko kupalira." Anafuna kuwonjeza kanthu, koma galimoto inanyamuka.

Anthu anabalalika awiriawiri. Amayi amene Jestina ankaimba nawo kwaya anamudutsa ngati chitsa. Mmodzi yekha, mkazi wa Donald, anamukhudza paphewa n'kupitirira.

Peggy anali ataima patali, atagwira njinga yake. Jestina anapita n'kugwada pamatope patsogolo pake.

"Asisi."

"Dzuka. Anthu akuona." Mawu a Peggy anali ouma, opanda misozi. "Ndikufunsa chinthu chimodzi. Tsiku lija ndinaima pakhomo pako, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Mvula inali isanagwe."

"Inali isanagwe, asisi."

Peggy anayang'ana kumapiri. Kumeneko mitambo ina inali ikudetsa.

"Hosea ndi wakuba, ndipo wakuba amaba. Abel ndi wamantha, ndinamudziwa kale. Koma iwe tinayamwa bere limodzi."

"Munda wathu wamera wonse, asisi. Tikakolola, theka ndi lanu. Ngakhale wonse. Mawa ndibwera ndi khasu, tidzabzale chinangwa ndi mbatata m'mipata."

"Chimanga ndidzalandira. Njala ilibe manyazi, ndipo ana sanalakwe. Ndidzatuma mwana wanga Fred adzatenge pa njinga." Anakankha njinga masitepe awiri n'kuimanso, osacheuka. "Lero wanena zoona pamaso pa anthu, ndamva. Mwina tsiku lina ndidzakuthokoza. Koma pakhomo panga uyambe wadikira, Jesi. Usabwere mpaka ndidzakuitane."

Anakwera njinga n'kutsetserekera kunjira ya ku Chikwa. Jestina anamuyang'ana mpaka chitenje chake chinabisika m'mitengo ya mitsanya.

Belu la sukulu linalira. Zitseko za makalasi a kutsidya kwa bwalo zinatseguka, ana a masana n'kuyamba kutuluka mothamanga. Ena anali atamva kale kanthu kudzera m'mawindo, ndipo ankanong'onezana akuloza. Jestina anasasa matope m'mawondo, nakonza duku lake, nayenda mofulumira kulunjika khomo la Giredi 6, kuti Tisiyenji amve nkhani ya bambo ake ndi ya mayi ake kuchokera pakamwa pa mayi ake, asanaimve panjira.